FUNSANI MALUME: Lotale ya ku America imathandizadi sukulu?

Mwezi uno makalata ambiri abwera pa nkhani imodzi, kaya mwachita kupangana kaya ndi jakipoti yakusokonezani mitu. Ndasankhapo ochepa, ena ndawadula chifukwa abale anga mumalemba ngati mukupereka umboni kukhoti.

*Malume, ine ndimakhala kufupi ndi Atlanta, ndili ndi ana awiri, wamkulu ali giredi 10, wamng'ono wangokwanitsa zaka 3. Bambo akunyumba kuno Lachisanu lililonse akamaweruka amaima pa gas station nkugula matikiti a lotale a $20, jakipoti ikakwera mpaka $40. Ndikawafunsa amati iwe usadandaule, ndalamazi sizikutayika zikupita ku sukulu, ndi zomwe zidzalipirire mwana wathu ku koleji. Akunena zoona kapena akungondiphimba m'maso?*
*Mayi wa ana awiri, Georgia*

Mayi, bambowo sakunama kwenikweni, koma akukuuzani mbali imene ikuwakomera iwowo. Ndipo mwayi wawo ndi woti muli ku Georgia, mukanakhala state ina ndikanangoti alandeni waleti basi.

Tiyambe ndi $20 imeneyo. Ikalowa mu mashini, pafupifupi $13 imabwerera kwa osewera ngati mphoto, kuyambira wopata $2 mpaka wa mamiliyoni uja mumamuona pa TV atanyamula chicheke chachikulu ngati chitseko. Mwini shopu amatengapo dola imodzi ndi kenakake, dola ina kapena kucheperapo imapita kolipira antchito, mashini ndi kutsatsa malonda, nde yotsala, cha m'ma $5, ndi imene imapita ku maphunziro. Lamulo la Georgia limati ayesetse kufika 35 peresenti koma zaka zambiri akhala akupereka cha m'ma 25 peresenti, ati akachepetsa mphoto anthu asiya kugula. Ndiye bambowo pa chaka akutulutsa $1,040, ku maphunziro kukupita mwina $260, ndipo $260 imeneyo si ya mwana wanu ayi, ikulowa mu mphika wa ana onse a Georgia.

Koma mphikawo ulipodi, pamenepa tiwapatse ulemu wawo. Munthu amene anayambitsa zimenezi ndi Zell Miller, anachita kampeni ya ugavanala mu 1990 akulonjeza lotale ya maphunziro, anthu anavomereza pa voti mu November 1992 ndi mavoti osiyana pang'ono kwambiri chifukwa mipingo inakana zolimba, matikiti anayamba kugulitsidwa mu June 1993. Chimene anachenjera mkuluyu nchoti sanalole kuti ndalamazo zikathiridwe mu bajeti ya masukulu imene inalipo kale. Anati zipite ku zinthu zatsopano zimene kunalibe, makamaka ziwiri, sikolashipu ya ku koleji yotchedwa HOPE ndi Pre-K, sukulu ya mkaka ya ana a zaka 4. Chinthu chikakhala chatsopano ndipo chili ndi dzina lakelake, makolo amachiona, aphungu akafuna kuchigwira anthu amakuwa. Kuyambira nthawi imeneyo lotale ya Georgia yapereka ndalama zopitirira $25 biliyoni, ndipo zaka zaposachedwazi ikumapitirira $1 biliyoni chaka chilichonse. Ma state oyandikana nawo monga Tennessee, South Carolina ndi Florida anaonera pomwepo nkuyambitsa masikolashipu awo.

Tsono apa ndi pamene bambo akusokoneza. HOPE safunsa kuti kwanu munagula matikiti angati. Amafunsa magiredi. Mwana wanu akamaliza sekondale ndi GPA ya 3.0, imene ndi avereji ya B, ndipo amawerengera maphunziro akuluakulu okha monga masamu, Chingelezi, sayansi ndi ena otero, akhoza kulandira ngakhale bambo ake sanagulepo tikiti chibadwire. Akalowa koleji akuyenera kusunga 3.0 yomweyo, akatsika amamudula, ndipo ana ambiri amaitaya chaka choyamba chomwe. Palinso ya pamwamba yotchedwa Zell Miller Scholarship imene anaiyambitsa mu 2011, imafuna 3.7 ndi kukhoza bwino SAT kapena ACT, mayeso olowera ku koleji. Chaka chimenecho ndalama zinali zitayamba kuperewera, ana oyenerera achuluka fizi yakwera, nde boma la gavanala Nathan Deal linadula HOPE, inasiya kulipira fizi yonse, ya mabuku anachotsa. Mu 2023 anakwezanso kuti izilipira tuition yonse m'makoleji a boma, koma malo ogona, chakudya ndi mabuku ndi zanu, ndipo zimenezo nthawi zambiri zimaposa tuition yomweyo. China choti mudziwe ife obwera, HOPE ndi ya nzika kapena amene ali ndi mapepala okhazikika ngati green card, amene akhala mu Georgia nthawi imene lamulo likufuna. Mwana wa pa viza ya sukulu sapatsidwa. Pitani mukaonane ndi counselor wa pa sukulu yake chaka chino chomwe, musadikire giredi 12, mukafunse kuti HOPE GPA yake ili pati chifukwa imasiyana ndi ya pa ripoti.

Pali chinthu chimene chimandiwawa ine pa nkhani ya Georgia. Poyamba HOPE inali ndi malire, banja lopeza ndalama zoposa $66,000 pa chaka silinkalandira, kenako anakweza kufika $100,000, mu 1995 anachotseratu. Lero mwana wa dokotala wa mtima ndi mwana wa mayi wokolopa m'chipatala chomwecho amapikisana pa magiredi okha, ndipo tonse tikudziwa amene ali ndi chipinda chakechake chowerengera ndi mphunzitsi wapadera. Koma mukaima pa mzere wa matikiti Lachisanu madzulo dokotala uja simumuona, mumaona ife a mayunifolomu a shifiti. Ofufuza akhala akupeza zomwezo kwa zaka zambiri, kuti osauka ndi amene amaika gawo lalikulu la malipiro awo mu lotale. Ndiye ndalama ikuyenda kuchoka kumunsi kupita kumtunda, madzi kukwera phiri.

Wamng'onoyo akakwanitsa zaka 4 pofika 1 September akhoza kulowa Pre-K yaulere, yomwenso ndi ya ndalama za lotale. Lembetsani msanga chifukwa malo amachepa, ndipo chondiseketsa nchoti m'masukulu ena ana akachuluka amachita maere kuti alowe ndani, lotale pamwamba pa lotale. Za bambowo, musawalande zonse, mwamuna wogwira ntchito sabata yonse alinso ndi ufulu wolota. Gwirizanani kuti $4 kapena $5 ndi ya maloto awo, $15 inayo ilowe mu akaunti ya 529 yosungiramo ndalama za ku koleji za mwanayo, ya Georgia imatchedwa Path2College. Akakana ndiye mwadziwa kuti nkhani sinali ya sukulu.

*Malume, ndili ku South Bend chaka chachitatu, ndimagwira ya usiku ku nursing home. Ndimagula tamatikiti topala tija ta $5 pa break kuti tulo tichoke. Mnzanga wa ku Kenya akuti kuno ku Indiana ndalama zake sizipita ku sukulu, ine ndimadziwa kuti lotale yonse ya ku America ndi ya maphunziro. Tatsutsana mpaka tabetcherana chakudya.*
*Wa shifiti ya usiku, Indiana*

Achimwene, kagulireni mnzanuyo chakudyacho. Ku America kulibe lotale ya dziko lonse, state iliyonse ili ndi yake ndi malamulo ake, ngakhale Powerball ndi Mega Millions ndi mgwirizano chabe wa ma state, phindu la tikiti limatsala mu state imene mwagulira. Hoosier Lottery yanuyo inayamba mu 1989, ndipo phindu lake limapita ku penshoni ya aphunzitsi opuma, penshoni ya apolisi ndi ozimitsa moto, ndipo gawo lalikulu amachepetsera msonkho wa galimoto umene mumalipira polembetsa. Mukhoza kukakamira kuti penshoni ya aphunzitsi ndi maphunziro, koma mu kalasi simukulowa choko.

Kwina nkosiyananso. Pennsylvania ndalama zake ndi za okalamba, Colorado zambiri zimapita kosamalira mapaki ndi malo achilengedwe, Massachusetts imagawira ma tauni ndi mizinda kuti aone okha chochita. Massachusetts yomweyo ndi imene inayambitsa topala tanuto mu 1974. Ndipo ma state 5 alibiretu lotale, Alabama, Alaska, Hawaii, Nevada ndi Utah. Nevada musadabwe, kumeneko eni makasino a ku Las Vegas safuna wopikisana naye.

Koma chimene chandikhudza mu kalata yanu si kubetcherana ayi, ndi mawu oti pa break. Powerball umagula nkudikira masiku, topala timayankha pompo, ukapata $5 umagulanso pomwepo, ukaluza umati kamodzi kokha kotsiriza, ngati mmene tinkapalira makadi a mayunitsi kumudzi kungoti apa mayunitsi ake mulibe. Yesani mwezi umodzi kusunga matikiti onse oluza mu envelopu osataya, pa 30 muwerenge. Ine ndinachitapo zimenezo zaka zanga zoyamba kuno ndikugwira ntchito pa fakitale ina, ndinapeza kuti ndadya fizi ya teremu ya mwana wa mlongo wanga.

*Malume ndithandizeni kumvetsa. Ndimakhala ku Charlotte, pa TV tsiku ndi tsiku akulengeza kuti North Carolina Education Lottery yapereka mamiliyoni ku sukulu, dzina lake lomwe lili ndi Education. Koma sukulu ikamatsegulira aphunzitsi a mwana wanga amatitumizira mndandanda, tigule mapensulo, matishu, sopo wa m'manja, mpaka mapepala a fotokope. Aphunzitsi enanso akuti amagula zinthu ndi ndalama za m'thumba mwawo. Nde mamiliyoniwo akupita kuti? Kapena kunonso kuli Cashgate?*
*Bambo wodabwa, North Carolina*

Bambo, funso lanu ndi limene ndimalidikira. Palibe amene akutuluka ndi ndalama mu buti ya galimoto ngati zathu zija za 2013, ndalama za lotale zimafikadi kumene analemba, ma auditor amaziona. Chinyengo chake nchaukhondo, chovala tayi, ndipo inu ndi ine timachidziwa bwino chifukwa chimatichitikira kumudzi.

Tiyerekeze kuti muli ndi mphwanu ku sekondale, bambo ake amamulipirira fizi movutikira koma amalipira. Inu mwafika kuno mwayamba kutumiza ndalama teremu iliyonse nkunena kuti iyi ndi ya sukulu ya mwana, cholinga chanu nchoti awonjezere, mwana apeze mabuku, nsapato, ka pocket money. Chaka chikutha mukumva kuti mwana akadali ndi nsapato zong'ambika zomwe zija. Mukafunsa akuonetsani risiti, ndalama yanu inalipiradi fizi mpaka tambala yomaliza, palibe anaba. Kungoti bambo ake ataona kuti fizi yapezeka, yawo ija anagulira malata. Mwana sanapindule kanthu, amene wapindula ndi denga. Aphungu a ma state ambiri amachita chimodzimodzi, lotale ikabweretsa $500 miliyoni ku sukulu iwo amachepetsa kapena kusiya kukweza zimene akanapereka kuchokera ku misonkho, nkupititsa ku misewu, ndende, kapena kutsitsa msonkho kuti awine zisankho. Ndipo nkovuta kuwagwira chifukwa palibe angaloze bajeti imene ikanakhalapo lotale kukanakhala kulibe.

Illinois ndi chitsanzo chakale, lotale inayamba mu 1974, mu 1985 anakhazikitsa lamulo loti phindu lonse lizipita ku thumba la masukulu, anthu anawomba m'manja, koma lamulolo silinaletse aphungu kuchotsa mbali inayo. Florida nayo anthu atavomereza lotale mu 1986 anauzidwa kuti ndi yowonjezera pamwamba, thumba lake mpaka analitcha Educational Enhancement Trust Fund, koma madandaulo oti ikungolowa m'malo mwa ndalama zakale anayamba zaka zoyambirira zomwe.

Kwanuko nkhani yake ndi yokoma kuimva. North Carolina inakana lotale kwa zaka zambiri, anthu ankawoloka malire kukagula ku Virginia ndi South Carolina. Mu 2005 bilu inadutsa mu Senate movuta, mavoti anafanana aphungu awiri otsutsa kulibe tsiku limenelo, amene anaponya voti yothetsa mkanganowo ndi Beverly Perdue yemwe anali wachiwiri kwa gavanala. Matikiti anayamba mu March 2006 ndi lonjezo loti 35 peresenti ya ndalama zonse ipita ku maphunziro. Sipanathe zaka ziwiri, mu 2007 anasintha mawu kuti 35 ija ikhale chongolakalaka osati lamulo, kuti mphoto zikule anthu agule kwambiri, ndipo gawo la sukulu lakhala likutsika mpaka pansi pa kotala. Mu 2009 chuma chitavuta, Perdue yemweyo ali gavanala anatapa $50 miliyoni mu nkhokwe ya lotale kukatseka dzenje la bajeti. A lotale amayankha kuti peresenti yatsika inde koma madola enieniwo akwera chifukwa tikugulitsa zambiri, ndipo ndi zoona, koma tanthauzo lake ndi loti kuti sukulu ipeze dola imodzi anthu a ku Charlotte akuyenera kuluza zambiri kuposa kale.

Chachiwiri nchoti mamiliyoni amamveka ambiri kwa ife amene timawerenga ma $15 pa ola, koma masukulu a state yonse amadya mabiliyoni makumimakumi. Taonani California, lotale yake anaivomereza mu 1984, imapereka cha m'ma $2 biliyoni pa chaka ku maphunziro, koma imeneyo ndi pafupifupi 1 peresenti yokha ya ndalama zonse za masukulu a boma kumeneko, mukagawa pa mwana aliyense ndi cha m'ma $300 kapena kucheperapo pa chaka. M'ma state ambiri ndi choncho, 1, 2, mwina kufika 5 peresenti. Ndalama zenizeni za sukulu ya mwana wanu zimachokera ku misonkho ya state ndi msonkho wa nyumba ndi malo wa m'dera lanu, boma la ku Washington limangoikapo mwina gawo limodzi mwa magawo 10. Nchifukwa chake sukulu ya kumene kuli nyumba zodula imakhala ndi dziwe losambira pomwe ya mtunda pang'ono kuchokera pamenepo ikupempha matishu. Ngakhale mukuchita lendi msonkho umenewo mukulipira, uli mkati mwa lendiyo.

Choipa china chimene anthu sachiona, zotsatsa zija zimagoneka anthu tulo. Dera likaitanitsa voti yoti tikweze msonkho pang'ono timange makalasi, munthu amati aaa si lotale ikupereka kale, nkuvotera ayi. Akuluakulu a masukulu akhala akudandaula zimenezi m'ma state ambiri. Ndiye matishuwo gulani bambo, mphunzitsiyo sakukuberani, ndipo ngati muli ndi ufulu wovota, voti ya school board, komiti yoyendetsa masukulu a m'dera, ndi ya ma bond, ngongole zomangira masukulu, ija anthu amaithawa ndi imene ili ndi mphamvu pa kalasi ya mwana wanu kuposa tikiti iliyonse.

*Malume ine ndili ku Area 25 ku Lilongwe. Ndalandira meseji pa WhatsApp kuti nambala yanga yawina State Lottery ya ku America $850,000 komanso viza, akuti nditumize K300,000 ya processing. Ndinalembetsadi DV chaka chatha nde mwina ndi imeneyo?*
*Mnyamata wa chiyembekezo, Lilongwe*

Mphwanga, usatumize ngakhale K500, ameneyo ndi wakuba ndipo mwina ali ku Mchesi konkuno. Wasakaniza zinthu ziwiri dala. DV ndi maere a viza a State Department, unduna wa zakunja wa America, sapereka ndalama kwa wina aliyense ndipo sakutumizira meseji kuti wawina, umakaona wekha pa webusaiti yawo ndi nambala imene unapatsidwa polembetsa. State lottery ndi juga ya boma la state, kuti uwine ukuyenera kukhala ndi tikiti yogulidwa mu state imeneyo, manambala a foni salowa mu mashini. Ndipo lotale yeniyeni siuza wowina kuti ayambe walipira, msonkho amadula okha pa mphotoyo. Mubloke.

*Malume, tilipo 12 Amalawi kuno ku Dallas, tili ndi chipereganyu cha $200 pa mwezi chimene chikuyenda bwino zaka 4. Tsopano ena akuti tizisonkhanso $10 aliyense pa sabata tizigula Powerball pamodzi, ati tikachuluka mwayi ukula, komanso Texas imapereka ku sukulu nde sitikutaya. Ine ndine msungichuma, ndikuopa. Mutilangize.*
*Msungichuma, Texas*

Achemwali, mantha anuwo ndi nzeru. Tiyambe ndi mwayi umene akuti ukulawo. Powerball ndi $2, umasankha manambala 5 pa 69 ndi ina imodzi pa 26, mwayi wopata jakipoti ndi 1 pa 292,201,338. Nambala imeneyi mutu sugwira nde tiyeni tiiike mu chimanga. Thumba la 50 kg limakhala ndi njere cha m'ma 160,000, ndiye mukufunika matumba pafupifupi 1,800, mathiraki atatu a matani 30 odzaza, muthire pansi pa bwalo la mpira, njere imodzi yokha yapakidwa utoto, akumangeni m'maso musankhe. Inu 12 ndi $120 yanu mugula matikiti 60, kutanthauza kuti mwaloledwa kutapa kadzanja kamodzi. Mwayi wakuladi ka 60, koma mathiraki akadali atatu. Ndipo zinavuta chonchi mwadala, mu 2015 anasintha manambala kuti jakipoti izivuta kupata, izikula mpaka mabiliyoni, chifukwa anaona kuti anthu amathamangira ikafika pa nyuzi. Patangopita miyezi yochepa, mu January 2016, inafika $1.586 biliyoni. Mega Millions nayo kuyambira April 2025 tikiti ndi $5.

Njira yokhayo yotsimikizika anaipeza anthu ena konko ku Texas mu April 2023, gulu lina la ndalama zake linagula pafupifupi manambala onse a Lotto Texas, matikiti opitirira 25 miliyoni, nkutenga jakipoti ya $95 miliyoni. Nkhaniyo inanunkha mpaka mu 2025 aphungu anathetsa Texas Lottery Commission nkupereka lotale ku dipatimenti ina. Ngati chipereganyu chanu chili ndi $25 miliyoni ndiuzeni ndilowe nawo.

Za sukulu, inde kuyambira 1997 phindu la lotale ya Texas limapita ku Foundation School Fund, ndi kagawo kena ka asilikali akale, koma werengani zimene ndawayankha bambo a ku Charlotte, mphika wake ndi womwewo wothira uku akutapa uku. Pa $6,240 imene gulu lanu lingaike pa chaka, mukanati mutumize kumudzi mukanathandiza ana angati a ku CDSS, muwerengere nokha ndinu msungichuma.

Komabe ngati gulu lafuna, zosangalatsa sizoletsedwa, koma ndalama za chipereganyu zisakhudzane ndi za matikiti ngakhale tsiku limodzi, ndipo wina asadzati ndibwerekeni ya lotale ndidzabweza Lachisanu, chifukwa tsiku limene mudzapate ndi lomwe iye sanapereke, mlandu wake sudzatha. Lembani pa pepala mayina a amene alowa sabata imeneyo, wogula ajambule matikiti onse aponye pa gulu la WhatsApp maere asanachitike, ndipo wogulayo asamagule akeake pa shopu yomweyo. Ku New Jersey munthu wina wa zomangamanga ankagulira anzake a kuntchito, mu 2009 tikiti inapata $38.5 miliyoni, iye anakhala chete nkusiya ntchito ati akukachitidwa opaleshoni ya phazi, anzake asanu atazindikira anati tikitiyo inali yangayanga. Khoti linamulamula mu 2012 kuti agawane. Pa ndalama palibe chibale, ndipo amenewo anali anthu odyera limodzi ngati inuyo.

Mudziwenso kuti nambala ya pa chikwangwani si imene mumalandira. Imeneyo ndi ya amene wavomera kulandira pang'onopang'ono ka 30 pa zaka 29, ukafuna zonse pompo amakupatsa mwina theka. Jakipoti yaikulu ija ya $2.04 biliyoni ya November 2022 ku California, wowina anatenga $997.6 miliyoni msonkho usanadulidwe. IRS, bungwe lotolera misonkho la America, imadula 24 peresenti nthawi yomweyo pa mphoto yoposa $5,000, pa ndalama zikuluzikulu msonkho wonse umakafika 37 peresenti, ndipo kwa mlendo amene sawerengedwa ngati wokhala kuno amadula 30 peresenti. Mwayi wanu Texas ilibe msonkho wa state pa zimene munthu wapeza. Sufunika kukhala nzika kuti uwine koma pokatenga amafuna ID, nde ngati pagulu panu pali amene mapepala ake sali bwino kambiranani zimenezo lero, ndipo tikiti ya Texas imafa pakatha masiku 180.

*Malume, mwezi watha munaseka anthu a Powerball ngati nkhani yocheza. Ine ndine mkulu wa mpingo kuno ku Birmingham, Alabama, ndipo ndikuti juga ndi juga, kaya aipake utoto wa sukulu. Boma lisamaphunzitse ana ndi ndalama za tchimo. Bwanji simunena poyera kuti Amalawi asiye?*
*Mkulu wa mpingo, Alabama*

Abambo, zikomo pondidzudzula, ndipo muli pa malo oyenera chifukwa Alabama ndi kumene maganizo anuwo anawina. Mu 1999 gavanala Don Siegelman anabweretsa lotale ya maphunziro yotengera ya Georgia, mipingo inadzuka, anthu anaikana pa voti, mpaka lero kulibe ngakhale nkhaniyo imabwerabe ku nyumba ya malamulo. Koma mukudziwanso inu kuti jakipoti ikakula magalimoto a manambala a Alabama amadzaza pa mashopu a m'malire a Georgia, Tennessee ndi Florida, ndipo kuyambira 2019 Mississippi nayo, ndiye akhristu anu ena akuphunzitsa ana a eni ake.

Mkangano umenewu ndi wakale kuposa tonsefe. Harvard ndi Yale anamangapo nyumba ndi ndalama za lotale zaka za m'ma 1700, kenako lotale ya ku Louisiana inadzaza ziphuphu mpaka boma linaletsa kutumiza matikiti pa positi mu 1890, dziko lonse linakhala opanda lotale yovomerezeka kwa zaka pafupifupi 70. Amene anaibweretsanso ndi New Hampshire mu 1964, tikiti $3, ndipo chifukwa chake sichinali chikondi cha ana chokha, state imeneyo inkakana msonkho wa pa malipiro ndi wa pogula zinthu nde inkasaka pena potapa. New York inatsatira mu 1967, lero ma state 45 ali nayo ndipo anthu amagula matikiti opitirira $100 biliyoni pa chaka. Mawu oti sukulu ndi amene ankatsegula chitseko pena paliponse pamene anthu opemphera ankakana.

Za tchimo ndikusiyirani inu ndi abusa, ine si wa guwa. Pamene tikugwirizana ndi apa, boma limene likuyenera kuteteza anthu lisamakhale lomwelo lolipira akatswiri otsatsa malonda kuti anthu ake aziluza zambiri chaka chino kuposa chatha, mpaka kutulutsa tikiti yopala ya $100 ngati ku Texas. Pamene tikusiyana mpoti ine sindingauze mayi amene wasamalira okalamba maola 12 kuti $2 yake ya Loweruka ndi imene yawononga dziko. Chimene ndingakupempheni monga mkulu wa mpingo nchoti mukaona wina wayamba kubwereka, kubisa marisiti, kapena ndalama ya kumudzi yasiya kupita, musamuyambe ndi ulaliki wa pagulu chifukwa adzangosiya kubwera ku tchalitchi. Mutengereni pambali, mutembenuze tikiti yakeyo, kumbuyo kwake m'ma state ambiri amalembako nambala yaulere ya othandiza amene juga yawagwira, muimbe muli naye pomwepo.